Mpata wa Pamwamba pa Mutu: Kuwerenga Lamulo 216

Lamulo la boma la America lonena za kulimba kwa madenga a magalimoto, limene akatswiri amangolitchula ndi nambala yake, 216, ndi lalifupi moti munthu angalimalize tiyi asanazizire. Linatuluka mu Disembala 1971 kuchokera ku NHTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu m'dzikolo, ndipo linayamba kugwira magalimoto ang'onoang'ono atsopano pa 1 Seputembala 1973. Ambiri amafika pa lamuloli atanyamula funso limodzi. Ali ndi galimoto yotsegula pamwamba, ija amati convertible, akufuna kuimangira roll cage, khola la mapaipi achitsulo lozinga pokhala anthu, ndiye akufuna kumva chimene boma likunena. Amabwerera chimanjamanja, chifukwa dzina la kholalo mulibe m'lamulomo, ndipo galimoto yawoyo imatchulidwa pongouzidwa kuti nkhaniyi si yake. Koma amene wabwerera chomwecho wawerenga mothamanga. Lamuloli linalukidwa ndi dzanja lodekha, ndipo malo amene lakhala chete ali ndi malire ooneka bwino, ngati zenera pakhoma. Ukasuzumira pazenerapo umaona munthu amene olembawo ankamuganizira nthawi yonse: wakhala pampando, mutu uli pamtunda, sanavale chipewa cholimba, ndipo sanakonzekere kalikonse.

Ndime yoyamba ndi chiganizo chimodzi chokha, chonena kuti lamuloli likuika muyezo wa mphamvu za denga la malo okhala anthu. Ndime yachiwiri ndi chiganizo chimodzinso, koma ndicho chasenza katundu yense. Chimati cholinga ndi kuchepetsa imfa ndi kuvulala kobwera chifukwa cha denga kuphwanyikira m'kati mwa malo okhala anthu galimoto ikagubuduzika. Mneni wake ngwodziletsa. Sanati kuthetsa, sanati kupewa, anati kuchepetsa, ndipo kudziletsako kunali koona mtima: pamene lamuloli linakhwimitsidwa mu 2009, anthu pafupifupi 10,000 ankafa chaka chilichonse ku America pa ngozi za kugubuduzika, koma bungwelo linawerengera kuti kukhwimitsako kudzapulumutsa miyoyo 135 pachaka. Ambiri mwa otsalawo amafa ataponyedwa kunja, ndipo denga silingagwire munthu amene watuluka kale. Chachiwiri choyenera kuimapo ndi kumene chiganizocho chikulozera. Kulikonse kumene anthu amamanga, denga ndi chophimba, ndi chimene timathawirako mvula ikayamba. Pano latembenuzidwa kukhala mdani wolowa m'nyumba. Msewu sunatchulidwe, ngalande sinatchulidwe, liwiro ndi mowa sizinatchulidwe, ngakhale dalaivala amene walakwitsa mulibe. Chiganizocho chikuyambira pamene zolakwa zonse zachitika kale, galimoto ili miyendo m'mwamba, n'kufunsa funso limodzi lopanda chiweruzo: kodi chapamwambacho chilowa mpaka pati? Munthu mwini wake akuoneka mwa njira ziwiri basi, ngati imfa yoti ichepetsedwe ndi ngati dzina la chipinda. Thupi lake sitikuliona. Tidikira zaka 38 kuti tione ngakhale mutu wake.

Ndime yachitatu ndiyo imanena amene lamuloli likumukhudza, ndipo kamangidwe kake ndi ka khomo lotsegulidwa kwambiri kenako n'kubwezedwa pang'ono. Chiganizo choyamba chikukuta magalimoto ang'onoang'ono onse, ndipo m'zaka za m'ma 1990 chinafutukulidwa kufikira magalimoto ena opepuka osapitirira makilogalamu 2,722 atadzaza. Kenako pakubwera mlumikizi mmodzi, wofanana ndi "komabe" wathu, ndi mndandanda wa opatulidwa atatu. Woyamba ndi mabasi a sukulu, amene ali ndi lamulo lawolawo, 220. Wachiwiri ndi magalimoto amene apambana kale mayeso a kugubuduzika a mu Lamulo 208. Awiriwa akutuluka chifukwa akukayankha kwina. Wachitatu ndi convertible, ndipo yekhayu ndi amene akutuluka popanda kupatsidwa denga lina loti ayezedwe nalo. Waikidwa kumapeto, pamalo amene khutu limasunga, ndipo kumbuyo kwake kwalendewera kamchira: wopanga galimotoyo, akafuna, angasankhe kutsatira lamulo la dengali m'malo mwa mayeso a 208 aja. Kamchirako kakusintha kamvekedwe ka ndime yonse. Lamulo limene paliponse likulankhula ndi mawu olamula lafika apa n'kutsitsa mawu, n'kusiya chitseko chotsekula theka. Kuti timve chifukwa chake tiyenera kukumbukira mayeso a 208 momwe alili. Galimoto imaikidwa chopingasa pa ngolo yopendekeka madigiri 23, ngoloyo imathamangitsidwa makilomita 48 pa ola n'kuimitsidwa mwadzidzidzi, galimoto n'kugubuduzika, ndipo chidole chokhala m'katimo chiyenera kutsala m'kati mwa malire a chipinda chokhala anthu. Kwa galimoto imene pamwamba pake ndi thambo, funso la malire a chipinda ndi lolemera kuposa funso la mphamvu.

Kamchirako kali ndi mbiri ya mantha. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1960, opanga magalimoto ankakhulupirira kuti America, msika wawo waukulu, iletsa magalimoto otsegula pamwamba. Porsche inaonetsa 911 Targa ku Frankfurt mu 1965 ili ndi uta waukulu wachitsulo kumbuyo kwa mipando, ndipo Triumph Stag ya 1970 inabwera ndi uta wolumikizidwa ku felemu ya galasi lakutsogolo ndi mtanda wapakati. Zitsulo zimenezi zinali mayankho a funso limene linali lisanafunsidwe. Chiletsocho sichinabwere. Lamulo lalikulu la 1966, limene linabala malamulo ang'onoang'ono onsewa, linauza boma kuti liziona ngati muyezo uliwonse ukuyenerera mtundu wa galimoto imene ukuikhudza, ndipo mu Disembala 1972, pa mlandu wa Chrysler ndi unduna wa zamtengatenga, khoti la apilo la ku Cincinnati linanena kuti miyezo ya chitetezo isasanduke njira yochotsera ma convertible pamsika. Ngakhale zinali choncho, Cadillac inagulitsa Eldorado yake ya 1976 ngati yotsiriza ya mtunduwu ku America, ndipo panapita zaka zisanu ndi chimodzi Chrysler isanabweretse LeBaron yotsegula mu 1982. Mawu amodzi a kumapeto kwa mndandanda uja ndi chipsera cha mkangano wonsewu.

Pali mawu ena mu ndime yachitatu ija amene ine ndimawaona ngati mtima wa lemba lonse, ngakhale abisala pakati pa mndandanda ngati kuti ngosafunika. Galimoto yopatulidwa chifukwa cha mayeso a 208 iyenera kupambana mayesowo mwa njira zosafuna kuti okweramo achitepo kanthu. Apa ndi pamene mtengambali wa lembali akudziwika khalidwe lake. Si munthu wochenjera, si munthu wophunzitsidwa, mwinanso ndi wotopa kapena ali m'tulo pampando wakumbuyo. Lamulo silikumudzudzula, likungomulandira momwe alili n'kuika udindo wonse pa chitsulo. Mainjiniya a Mercedes-Benz atatulutsa SL ya 1989 ili ndi uta wobisika umene umadzuka wokha m'masekondi 0.3 galimoto ikayamba kupendekeka, anali kulemba ndi zitsulo ganizo lomweli. Uta umenewo sufunsa ngati wokwerayo wakumbukira kanthu. Tisunge mawuwa, chifukwa khola la mapaipi limachokera ku dziko limene limaganiza za munthu mosiyana kotheratu.

Gawo la mayeso ndi limene lili ndi chithunzithunzi champhamvu kwambiri, ndipo mphamvu yake ili m'kuzizira kwake. Ngozi ya kugubuduzika ndi phokoso, fumbi ndi magalasi owuluka, zonse m'masekondi ochepa. Lamulo latenga chipwirikiti chimenecho n'kuchiimika chilili. Galimoto sikuyenda, yamangiriridwa pansi. Chimene chikuyenda ndi chitsulo chathyathyathya chosapindika, mamilimita 762 m'lifupi ndi 1,829 m'litali, pafupifupi kukula kwa chitseko cha nyumba, ndipo chitsulocho chikuimira dziko lapansi. M'malo moti galimoto igwere pansi, pansi ndi pamene pakutsikira pa galimoto. Chaweramitsidwa madigiri 5 chakutsogolo ndi madigiri 25 chakumbali, ndipo m'manambala awiriwa mwapindidwa nkhani yonse ya kagwedwe: galimoto yolemera kumphuno chifukwa cha injini, yotembenuka chammbali, imayamba kugunda pansi ndi ngodya yakutsogolo ya denga, pamwamba pa nsanamira yogwira galasi. Chitsulocho chimatsika mosapitirira mamilimita 13 pa sekondi, ndipo zonse ziyenera kutha m'masekondi 120. Denga liyenera kupirira mphamvu yolamulidwayo chitsulo chisanatsike kupitirira mamilimita 127, kafupi pang'ono poyerekeza ndi cholembera. Manambalawa amamveka achilendo, ngati osankhidwa ndi makina, kufikira utazindikira kuti anabadwira m'chiyankhulo china: 762 ndi mainchesi 30, 1,829 ndi mainchesi 72, 127 ndi mainchesi 5, ndipo 13 ndi theka la inchesi. Pansi pa chovala cha mamilimita pali manambala ozungulira a munthu amene anakhala pa tebulo n'kusankha. Kudziwa zimenezi kumatichenjeza kuti 127 si malire amene chigaza chinayeza, koma ndi chigamulo cha anthu.

Malangizo okonzera galimoto asanaiyeze amasintha kamvekedwe kachiwiri. Ziganizo zazitali za malamulo zikupereka malo kwa aneni olamula otsatizana: ikani galimoto pamalo olimba ndi osalala, imangirireni, tsekani mazenera onse, tsekani ndi kukhoma zitseko zonse. Ndi kayendedwe ka munthu wotseka nyumba usiku, chipinda ndi chipinda. Ndipo pamapeto pa mndandandawo mlendo amene anatulutsidwa mu ndime yachitatu akubwerera mwakachetechete, pamene woyeza akuuzidwa kuti ngati pali denga lopinda kapena lochotseka, alimange pamalo pake. Kamchira kaja kakwaniritsidwa pano: amene wasankha kulowa, malo ake anakonzedwa kale. Mawu oti tsekani mazenera nawonso ali ndi ntchito yoposa ukhondo wa mayeso. Galasi lakutsogolo lomatidwa ku felemu limathandiza denga kupirira, ndipo otsutsa lamuloli anakhala zaka akunena kuti pa ngozi yeniyeni galasilo limasweka pa kugunda koyamba, kotero kuti mbali yachiwiri ya denga imakumana ndi nthaka ili yopanda mthandizi. Panalinso timawu tina ting'onoting'ono tolemera. Mphamvu yoyezera galimoto yaing'ono inali kulemera kwake kamodzi ndi theka, kapena mapaundi 5,000, chimene chingachepe pa ziwirizi. Timawu toti chimene chingachepe tinatanthauza kuti galimoto ikapitirira makilogalamu pafupifupi 1,510, muyezo unkasiya kukula nayo. Yolemera kwambiri, imene imadzigwera ndi mphamvu yochuluka, ndi imene inkafunsidwa zochepa poyerekeza ndi thupi lake.

Lemba la 2009, lotchedwa 216a, lingawerengedwe ngati wolemba amene wabwerera ku ntchito ya unyamata wake atamva onse omutsutsa. Mafupa ake ndi omwewo, chitsulo ndi chomwecho, madigiri ndi omwewo, koma zinthu zitatu zasintha. Muyezo wa magalimoto opepuka wakwera kufika pa kulemera kwa galimoto katatu, malire a mapaundi 5,000 achotsedwa, ndipo magalimoto olemera mpaka makilogalamu 4,536 alowetsedwa pa muyezo wa kamodzi ndi theka. Kachiwiri, chitsulo chikutsika mbali imodzi kenako mbali inayo pa galimoto yomweyo, ndipo mawu oti "kenako" abwezeretsa nthawi mu mayeso amene anali chithunzi choima: tsopano denga likuyezedwa litavulala kale. Chachitatu ndi chimene chimandigwira mtima. Mutu wafika. Pansi pa denga paikidwa chofanizira mutu, pamalo amene pangakhale mutu wa mwamuna wamsinkhu wapakati, ndipo denga lisaukanikize ndi mphamvu yoposa mapaundi 50, kulemera kopitirira pang'ono ndowa yodzaza ya malita 20. Lamulo lakale linkayeza kutsika kwa chitsulo kuchokera kunja. Latsopanoli layamba kuyezanso kuchokera m'kati, kuchokera pamene munthu ali. Mamilimita 127 pa galimoto ya denga lalitali ndi mpata wotsala, koma pa galimoto ya denga lalifupi ndi khosi lothyoka, ndipo lemba lavomereza kuti chimene linkateteza chiyambire si denga ayi koma danga la pakati pa denga ndi liwombo.

Convertible yapatulidwabe mu 2009, koma tsopano yapatsidwa tanthauzo, ndipo tanthauzolo ndi chitsanzo cha luso lofotokoza chinthu potchula chimene chilibe. Silikunena za lona, za mphepo kapena za denga lopinda. Likuti ndi galimoto imene nsanamira zake zakutsogolo, zogwira galasi, sizinalumikizidwe ndi nsanamira zapakati kapena zakumbuyo kwenikweni ndi chiwalo cha thupi la galimoto chokhazikika ndi chosapindika. Afotokozi awiriwo sakubwerezana, aliyense akutseka khomo lake. Chosapindika chikuchotsa lona ndi nsalu, zimene zimafika mbali zonse ziwiri koma sizinyamula kanthu. Chokhazikika chikuchotsa denga lachitsulo lopindikira m'buti, limene ndi lolimba ndithu koma mawa silikhalapo. Chotsala ndi kusowa kwa mtanda umodzi wa m'mbali, pamwamba pa chitseko. Munthu amene akuganiza zomanga khola aime apa nthawi yaitali, chifukwa akuwerenga chithunzi cha ntchito yake chojambulidwa chobwerera. Uta wongoima kumbuyo kwa mipando, roll bar, sukulumikiza kutsogolo ndi kumbuyo, choncho galimoto yotere ikadali m'kati mwa tanthauzolo. Koma khola lathunthu lili ndi mapaipi okwera motsatira nsanamira zakutsogolo n'kuyenda pamwamba pa zitseko mpaka ku uta waukulu. Likuika ndendende chiwalo chimene tanthauzolo likuti palibe. Kwa wopanga amene angagulitse galimoto yatsopano yotero, mawuwo angamukokere m'kati mwa lamulo limene anali atapatulidwamo. Kwa mwini galimoto amene akuwonjezera khola pambuyo pake sizitero, chifukwa miyezoyi imagwira galimoto pa nthawi imene ikupangidwa ndi kugulitsidwa koyamba. Iye amamanga denga lopanda lamulo loliyeza, ndipo chitsulo chathyathyathya chija sichidzatsikirapo.

Kodi ndiye kuti malamulo a boma sakudziwa konse uta wachitsulo? Akuudziwa, koma pamalo amene wofunsa sankayembekezera. Dzina lake lili mu Lamulo 201, lonena za zimene wokwera angagunde m'kati mwa galimoto. Kumeneko roll bar yafotokozedwa ngati chiwalo chokhazikika cha pamwamba, pamodzi ndi miyendo yake, chodutsa kuchokera kumanzere kufika kumanja kwa malo okhala anthu mu galimoto yotsegula. Kuyambira ndi kusintha kwa 1995, lamuloli limaika timadontho pa nsanamira, pa mitanda ndi pa uta, ndipo pa kadontho kalikonse amaponyapo mutu wa chidole wolemera makilogalamu pafupifupi 4.5, pa liwiro la makilomita 24 pa ola. Nambala yoyezera kuvulala kwa mutu isapitirire 1,000. Felemu yopinda ya denga la convertible yamasulidwa ku mayesowa, koma uta wokhazikika sunamasulidwe pokhapokha utakhala mamilimita opitirira 600 kumbuyo kwa malo a mpando wotsiriza, kumene mutu sungafike. Tiike malemba awiriwa pambali ndi pambali. Pamene nkhani ndi ya mphamvu, ya kunyamula galimoto yotembenuka, uta sutchulidwa ndipo palibe nambala imene wauikira. Pamene nkhani ndi ya chinthu cholimba chimene chili pafupi ndi chigaza, watchulidwa ndi dzina n'kupatsidwa madontho ake. Chitsulo chimene mwini wake amachiona ngati mpulumutsi, lamulo la pamsewu limachiona poyamba ngati chopunthwitsa mutu. Si kuiwala kapena kusadziwa. Ndi mtengambali yemwe uja, wosavala chipewa, amene pa ngozi zambiri sagubuduzika konse koma amagundidwa m'mbali kapena kumbuyo, mutu n'kupita kumene thupi laukankhira. Kukhala chete pa za mphamvu kuli ndi mtengo wakenso, ndipo aliyense amene waona mauta onyezimira kumbuyo kwa ma pick-up m'misewu ya Lilongwe kapena Blantyre akudziwa kuti paipi yokongoletsera ndi paipi yonyamula galimoto zimafanana nkhope kufikira tsiku la ngozi.

Manambala amene lamulo la pamsewu lakana kupereka amapezeka mu lemba lina, la FIA, bungwe loyendetsa mipikisano ya magalimoto padziko lonse, mu Appendix J ndime 253 monga inalili mu 2020. Kuchoka pa 216 n'kulowa mu lembali kuli ngati kuchoka kwa woweruza n'kupita kwa mmisiri. Lamulo la America limanena chimene chiyenera kuchitika n'kusiya kamangidwe m'manja mwa wopanga. La FIA limanena kamangidwe komweko, paipi ndi paipi, ndi zojambula zake. Chitsulo chikhale chopanda msoko, chokokedwa chozizira, kaboni wake asapitirire 0.3 pa 100 aliyense, ndipo chipirire kukokedwa ndi mphamvu ya ma newton 350 pa milimita imodzi ya sikweya. Uta waukulu ukhale wa mamilimita 45 m'mimba ndi khungu la 2.5, kapena 50 ndi 2.0. Phazi lililonse lomangidwa ndi mabawuti lipondere pa chitsulo cholimbitsira chochindikala mamilimita 3, chifukwa paipi yabwino yoima pa malata opyapyala a pansi pa galimoto imangoboola ngati msomali. Pa magalimoto otsegula, mabungwe ambiri a mipikisano amafuna kuti uta upitirire chipewa cha dalaivala ndi mamilimita 50, ndipo oyendera amagoneka ndodo yowongoka kuchokera pa uta kupita kutsogolo kuti aone ngati mutu watsala pansi pake. Koma m'ziganizo zonsezi dzina limene likubwerezedwa si mutu, ndi chipewa. Ngakhale zofewetsera zokulunga mapaipi, za muyezo wa FIA 8857-2001, zinapangidwira kulandira chipewa cholimba, ndipo ukazidina ndi chala zimamveka ngati thabwa. Munthu wa lembali wachita zonse zimene munthu wa 216 sanachite. Wavala chipewa, wakhala mu mpando womukumbatira m'nthiti, wadzimanga ndi malamba a mfundo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi omukoka mpaka asagwedezeke. Khola ndi chiwalo chimodzi mwa zinayi zimene zinalembedwa pamodzi. Ukachotsa chipewa, paipi ya pamwamba pa chitseko ili pambali pa khutu. Ukasiya lamba wamba wa mfundo zitatu, thupi limayenda mokwanira kukafika pa chitsulo. Ukamanga malamba a mpikisano popanda uta wokwanira msinkhu, wamuimika munthu chilili pansi pa galimoto imene ikumugwera.

Lemba lotsiriza limene womanga khola amakumana nalo ndi chiganizo chimodzi cha m'malamulo akuluakulu a ku America, ndime 30122 ya gawo 49, ndipo nachonso chimalankhula ndi mndandanda. Wopanga magalimoto, wowagawa, wowagulitsa, wowabwereketsa ndi wa galaja saloledwa kulepheretsa modziwa chipangizo chilichonse kapena mbali iliyonse ya kapangidwe imene inaikidwa potsatira muyezo wa chitetezo. Mawu oti mbali ya kapangidwe ndi amene akukhudza khola, chifukwa akufikira zinthu zimene sizioneka ngati zipangizo: pulasitiki yofewa yophimba nsanamira imene inapambana mayeso a 201, malo omangirira lamba, njira imene airbag ya m'mbali imatulukira. Paipi ikadutsa pamenepo, wowotcherera wa pa galaja walowa mu chiganizochi ngakhale sanadule waya uliwonse. Mayina asanu atchulidwa, onse a anthu amene amagwira galimoto ya mnzawo chifukwa cha ndalama. Mwini galimoto mulibe. Boma lalikulu lamusiya m'manja mwa malamulo a chigawo chimene akukhala, amene amasiyana chigawo ndi chigawo, ndi m'manja mwa kampani yake ya inshuwalansi. Iye angathe kuyeza mpata wa pamwamba pa mutu wake, kukankhira uta kumbuyo, kuukulunga, kusankha kusaika mapaipi a m'mbali pa galimoto yoyenda nayo kuntchito. Pampando wa pambali pake pakhala mkazi wake kapena mwana wake, amene sanasankhe paipi ndipo sanagonekerepo ndodo, wangokoka lamba wa mfundo zitatu n'kutsamira, msinkhu wake wosiyana ndi umene unayezedwa, khutu lake lili pafupi ndi chitsulo.